Usikauti ku Chifunda: ntchito yomanga abale

Dziko la Mfumu Chifunda lili kum'mawa kwa mtsinje wa Luangwa, m'boma la Chama, moyang'anana ndi nkhalango yotetezedwa ya North Luangwa. Wofuna kulowa m'nkhalangoyo kuchokera kuno amawoloka pa pantoni, ndipo amatero m'chilimwe mokha, pakuti mvula ikagwa mtsinje umadzaza, dothi la m'chigwa limamata, galimoto osayenda. Kumalo otere ntchito yolandira pamwezi ndi yosowa. Tikachotsa uphunzitsi ndi ntchito ya kuchipatala, imene anyamata akhala akuyiyembekezera kwa zaka zoposa 30 ndi ya usikauti: kuvala yunifolomu, kunyamula mfuti, kulondera nyama zakutchire. M'masukulu ophunzitsa zamalonda ndi kayendetsedwe ka mabungwe, ophunzira amatha zaka akusanthula chimene chimalimbitsa wantchito ndi chimene chimamufooketsa, ndipo zitsanzo zawo zambiri n'zotengedwa m'mafakitale a ku America ndi ku Ulaya. Ine ndikuona kuti mbiri ya msikauti wa m'mudzi m'chigwa cha Luangwa ili ndi phunziro lomveka kuposa zambiri mwa zitsanzo zimenezo. Amene anayambitsa ntchitoyi anatenga kwa mnyamatayo chuma chake chachikulu, chomwe ndi ubale wake ndi anthu a kwawo, koma malipiro ake anawamangirira ku ndalama zosadalirika kuposa zonse. Mavuto amene anthu amati ndi ulesi kapena chinyengo cha masikauti, ambiri gwero lawo ndi pamenepa.

Kusaka m'chigwa muno sikunayambe ngati mlandu. Inali ntchito ya ulemu, yokhala ndi akuluakulu ake, mankhwala ake ndi miyambo yake. Mnyamata ankaphunzira kwa wamkulu wa pamtundu pake, nyama ikagwa inkagawidwa motsata ubale, ndipo njovu ikaphedwa nyanga yogunda pansi inali ya mfumu mwini dziko. Stuart Marks, amene anayamba kukhala pakati pa Abisa a ku Nabwalya m'ma 1960, tsidya lina la mtsinje kumwera kwa North Luangwa, analemba bwino za momwe mlenje ankadyetsera mudzi ndi kuuteteza ku nyama zowononga minda. Boma la atsamunda litabwera linayamba kupatula malo a nyama, ndipo mu 1938 dera limene lero ndi North Luangwa linaikidwa m'gulu limenelo. Komabe atsamundawo sakanatha kuyenda m'tchire okha. Pothamangitsa njovu zodya mbewu ankalemba alenje akumudzi, amene ankawatcha mafundi, n'kuwapatsa mfuti za boma. Choncho kuyambira pachiyambi boma linkadalira luso la anthu omwewo amene linkawaletsa kusaka. Dziko litalandira ufulu, malamulo anaika umwini wa nyama zonse m'manja mwa Pulezidenti, North Luangwa inakhala paki mu 1972, ndipo madera ozungulira, kuphatikizapo Musalangu kumene kuli Chifunda, anakhala malo amene anthu amaloledwa kukhalamo ndi kulima, koma kupha nyama n'kwa wokhala ndi laisensi yekha.

Kenaka kunabwera zaka zoopsa. Kumayambiriro kwa m'ma 1970 chigwa cha Luangwa chinali ndi njovu pafupifupi 100,000 ndi zipembere masauzande angapo. Mtengo wa kopa utagwa cha mu 1975, thumba la boma linaphwa, pamene mtengo wa minyanga kunja unkakwera. A gemu anatsala opanda galimoto, opanda zipolopolo zokwanira, malipiro akuchedwa, pamene magulu opha njovu ankabwera ndi mfuti zankhondo. Pofika kumapeto kwa m'ma 1980 njovu zambiri zinali zitatha, ndipo mu 1998 boma linavomereza kuti chipembere chakuda chatheratu m'Zambia. Nigel Leader-Williams ndi anzake, amene anasanthula malipoti a ulonda a m'chigwachi, anapeza chinthu chimene woyang'anira antchito aliyense ayenera kuchisunga: nyama zinkatha msanga kumene alonda ankafikako mwa apo ndi apo, ndipo kuteteza chipembere kunkafuna ndalama zoposa madola 200 pa sikweya kilomita iliyonse pachaka, pamene zomwe zinkaperekedwa zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimenezo. Kafukufuku wotsatira wa Leader-Williams ndi E. J. Milner-Gulland anasonyezanso kuti wakupha nyama amaopa kwambiri kugwidwa kusiyana ndi kukula kwa chilango. Ndiye kuti nkhani yonse inatsamira pa munthu woyenda pansi, ngati wadya, ngati ali ndi nsapato, ngati walandira.

Ganizo la msikauti wa m'mudzi linabadwa ngati yankho la umphawi umenewu. Pambuyo pa msonkhano wa ku Lupande wa mu 1983, Dale Lewis pamodzi ndi Gilson Kaweche ndi Ackim Mwenya a ku dipatimenti ya nyama anayesa njira yatsopano m'dera la Lupande: kulemba anyamata a m'midzi momwemo, kuwaphunzitsa, ndi kuwalipira kuchokera ku ndalama za alendo odzasaka nyama. Iwo analemba mu 1990 kuti m'zaka zitatu kupha njovu kunatsika ndi pafupifupi 90 peresenti. Kuchokera apa kunabadwa ndondomeko ya ADMADE chakumapeto kwa m'ma 1980, imene inafalikira m'madera ambiri a nyama, Chifunda ndi Chikwa zili momwemo, mothandizidwa ndi ndalama za USAID ndi WWF. Sukulu yake inali ku Nyamaluma. Kumeneko mnyamata ankaphunzira perete, kagwiridwe ka mfuti, malamulo a nyama ndi kulemba mafomu: masiku amene wayenda, nyama zimene waona, misampha imene watola, ndi msinkhu wa nyanga za njati imene mlendo wapha, pakuti msikauti ankaperekezanso alendo osaka kuti aone ngati akutsata laisensi. Pa ndalama za ADMADE, 40 peresenti inali ya ntchito yoteteza nyama, kuphatikizapo malipiro a masikauti, 35 peresenti ya chitukuko monga sukulu, chipatala ndi chigayo, ndipo 25 peresenti inkatsala ku likulu. Nzeru yake inali yomveka. Mwana wa m'deralo amadziwa madambo onse, amadziwa nyumba imene muli mfuti ya gogodera, amamva za alendo achilendo ogula ufa wambiri, ndipo malipiro ake ndi ochepa kuposa a wantchito wa boma.

Koma chimene chinamupanga kukhala wofunika n'chomwenso chinamuika pa moto. Nkhani imeneyi si yachilendo kwa ofufuza a m'dziko lino. Mu 1949 Max Gluckman, Clyde Mitchell ndi John Barnes a ku Rhodes-Livingstone Institute analemba za nyakwawa, munthu amene ali mbale wa anthu ake komanso nthumwi ya boma, kotero kuti akakondweretsa mbali imodzi walakwira inayo. Patapita zaka 15, Robert Kahn ndi anzake ku America anafotokoza zofanana m'makampani, n'kusonyeza kuti wantchito wokokedwa mbali ziwiri amadwala maganizo ndipo amayamba kuzemba mbali zina za ntchito yake. Msikauti wa m'mudzi ali pamalo oipa kuposa nyakwawa, chifukwa nyakwawa ali ndi ulemu wa mpando, pamene iye ndi mnyamata chabe. Taganizani gulu likubwera kuchokera ku ulonda wa masiku angapo, litagwira munthu ndi nyama yowamba ya nswala. Wogwidwayo ndi mlamu wa mmodzi wa iwo, kapena tsibweni amene anamulipirira fizi. Wa boma amene anachokera ku Ndola kapena ku Mongu alemba lipoti, ndipo tsiku lina adzasamutsidwa. Wa m'mudzi sasamuka. Mkazi wake mawa m'mamawa akatunga madzi pa mjigo umodzi ndi mkazi wa womangidwayo, mwana wake akadwala anthu adzanong'ona kuti waona zimene ankazifuna, ndipo pakhomo pake pakagwa maliro adzayang'ana kuti okumba manda abwera angati. Paja amati chibale ndi fupa, sichiola. Ku Nyamaluma mnyamatayo anaphunzira zambiri, koma katunduyu ankamusenza yekha akabwerera kwawo, ndipo pa malipiro ake panalibe ngakhale ngwee imodzi yowerengera kulemera kwake.

Malipirowo ndiye pagona mlandu waukulu. Ndalama za msikauti zinkachokera kwa alendo olemera odzawombera njati, mkango ndi nyalugwe, zinkayamba zapita ku likulu, kenaka n'kubwerera kudera pa nthawi imene likulu lafuna. Msikauti analibe mphamvu pa chilichonse cha zimenezi. Lamulo la nyama la 1998, limene linakhazikitsa bungwe loyang'anira nyama la ZAWA ndi mabungwe a m'madera otchedwa CRB, linapatsa mabungwewo mphamvu yolemba masikauti kuti azigwira ntchito ya wapolisi wa nyama moyang'aniridwa ndi wapolisi wa boma. Udindo unali wofanana, ngozi yokumana ndi njati yovulala kapena munthu wa mfuti inali yofanana, koma wina anali pa mndandanda wa malipiro okhazikika ndi penshoni, winayo ankadikira gawo la CRB. Mu 2001 boma la Frederick Chiluba litaimitsa usaki wa alendo, gwero lonse linauma, ndipo masikauti m'madera ambiri anakhala miyezi osalandira. Mu 2013 nduna Sylvia Masebo inaimitsanso usaki, makamaka wa mikango ndi anyalugwe, ndipo mu 2020 mliri wa Covid unatseka ndege. Zifukwa za maboma pena zinali zomveka, pakuti kagawidwe ka madera osakira kanali ndi madandaulo ambiri, koma wolipira mtengo wa zigamulozo anali munthu amene sanafunsidwe. J. Stacy Adams analemba mu 1963 kuti wantchito sayeza malipiro ake paokha, amawayeza poyang'ana a mnzake wogwira naye ntchito imodzi, ndipo akaona kuti akuponderezedwa amachepetsa khama kapena amadzilipira yekha mwa njira ina. Anthu awiri ogona mu tenti imodzi, kudya nsima ya mumphika umodzi, wina atalandira ndipo wina ali ndi ngongole ya miyezi inayi ku golosale, safunika buku kuti adziwe zimenezi.

Wina adzati ndikukokomeza, pakuti ndondomekoyi inagwira ntchito: njovu zinasiya kugwa monga kale, ndipo mfuti zambiri zinalandidwa. Zimenezo n'zoona, ndipo masikauti a m'midzi ayenera kuyamikidwa nazo, ngakhale kuti kuletsedwa kwa malonda a minyanga padziko lonse mu 1989 kunathandizanso pa nthawi yomweyo. Koma Clark Gibson ndi Stuart Marks, polemba mu 1995, anaonetsa mbali imene malipoti sankaionetsa. Alenje a m'midzi sanasiye kusaka, anangosintha kasakidwe. Mfuti imalira, ndipo kulira kwake kumaitana msikauti. Khwekhwe la waya sililira. Munthu amadula waya, n'kupinda kukhala chizinga chothina chikakokedwa, n'kumangirira ku mtengo wa mopane pa njira yopita kumadzi, ndipo amatchera makumi angapo madzulo amodzi. Wayayo sasankha: agwira nswala, agwira mkango pakhosi, adula chitamba cha njovu, ndipo nyama zina zimawolera pomwepo mwini wake ataopa kukaonako. Gibson ndi Marks anafotokozanso chifukwa chake: sukulu ndi chigayo amagwiritsa ntchito aliyense, wosaka ndi wosasaka yemwe, choncho palibe chimene mlenje amataya akapitiriza. Steven Kerr, m'nkhani yake yotchuka ya mu 1975 imene imawerengedwa m'masukulu a zamalonda mpaka lero, anachenjeza za mabungwe amene amapereka mphotho pa chinthu china pamene akuyembekezera china. Kuno kunkawerengedwa anthu omangidwa ndi mfuti zolandidwa, pamene chofunika chinali kuchuluka kwa nyama zamoyo ndi mtendere pakati pa mudzi ndi alonda ake. Chiwerengero cha omangidwa chikhoza kukwera chaka ndi chaka nyama zikutha.

Ena amaloza ku mabonasi. Hugo Jachmann ndi Marc Billiouw, posanthula ntchito ya LIRDP, pulojekiti ya pakati pa chigwa imene inkathandizidwa ndi dziko la Norway, anapeza mu 1997 kuti mphotho zoperekedwa kwa alonda akagwira munthu kapena mfuti, pamodzi ndi ntchito yofufuza mwachinsinsi, zinali pakati pa zinthu zimene zinachepetsa kwambiri kupha njovu. Umboni umenewu ndi wolimba ndipo sindiukana. Komabe tiyenera kuona kuti mabonasiwo ankaperekedwa m'pulojekiti yokhala ndi ndalama zokhazikika, yokhala ndi galimoto ndi chakudya cha pa ulonda. Bonasi inali ndiwo, nsima ilipo kale. Ikaperekedwa kwa munthu amene malipiro ake enieni sabwera, imasintha nkhope. Iye amayamba kufuna milandu yosavuta, monga mayi wopezeka ndi kanyama kochepa mumphika kapena mnyamata wa misampha ya mbewa ndi akalulu, m'malo mwa gulu la mfuti limene lingamuphe. Ndipo m'mudzi nkhani imamveka mwanjira ina: uja anagulitsa mbale wake kuti alandire. Dzina lotere likamata, khutu la msikauti limatsekeka, chifukwa palibenso womunong'oneza kuti kudambo kwalowa alendo. Mphotho ija yawononga chinthu chomwe anamulembera ntchito.

Palinso amene amati, ngati ubale uli wolemera chotere, bwanji osangolemba anthu ochokera kutali? Iwo amakumbutsa kuti pa nthawi ya ADMADE mafumu anali apampando a makomiti ndipo ambiri ankasankha abale awo pa usikauti, kotero kuti lamulo linkaluma mabanja ena n'kulambalala ena. Dandaulo limeneli linalembedwa ndi ofufuza ambiri, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene lamulo la 1998 linabweretsera mabungwe osankhidwa ndi anthu, mfumu n'kukhala mlangizi wolandira 5 peresenti ya ndalama za usaki. Koma njira ya alonda ochokera kutali okhaokha inayesedwa kale, ndipo ndi imene inalephera m'ma 1970 ndi m'ma 1980. Dera la Musalangu ndi lalikulu kuposa North Luangwa yonse, imene ili masikweya kilomita 4,636, ndipo muli midzi, minda ndi njira zosawerengeka. Palibe gulu la asilikali limene lingalondere malo otere anthu ake atalitsekera pakamwa. Chofunika si kuchotsa mwana wa m'mudzi koma kumupeputsira katundu: kusakaniza magulu kuti womanga munthu asakhale mbale wake, kumutumiza ku mbali ina ya dziko la mfumu kapena kwa mfumu yoyandikana, kulemba anthu poyera ndi mayeso odziwika, ndiponso kumutumanso ntchito imene mudzi umaikonda. Njovu zikalowa m'munda wa mpunga usiku, msikauti amene wabwera kudzazithamangitsa amagula ulemu umene udzamuteteze tsiku logwira munthu. Koma akamafika msanga pa nyama yophedwa n'kumachedwa pa munda wodyedwa, anthu amawerenga okha kuti boma limakonda ndani.

Chotsutsa champhamvu koposa ndi cha ndalama: boma ndi losauka, ndipo popanda alendo osaka msikauti sakanalembedwa n'komwe. Izi n'zoona, ndipo amene amafuna usaki wa alendo utsekedwe lero lomwe ayenera kunena kumene malipiro a anyamatawa adzachokere. Koma kuchepa kwa ndalama ndi kusadalirika kwake ndi matenda awiri osiyana. Munthu amatha kukonza moyo wake pa malipiro ochepa obwera tsiku lodziwika. Pa malipiro osadziwika tsiku amakongola, ndipo wangongole wonyamula mfuti m'tchire la nyama ndi munthu amene bungwe lamuika dala pa mayesero. Umboni uli tsidya lina la pantoni. Bungwe la Frankfurt Zoological Society lakhala ku North Luangwa kuyambira 1986, zaka pafupifupi 40 osachoka, likuthandiza ndi maphunziro, zida ndi chakudya cha alonda. M'paki imene zipembere zinatheratu, zisanu zoyamba zinabwezedwa kuchokera ku South Africa mu 2003, pofika 2010 zobweretsedwa zinakwana 25, ndipo zakhala zikuswana. Alonda ake ndi a mtundu womwewo umene unkanenedwa kuti ndi waulesi ndi wachinyengo m'ma 1980. Chimene chinasintha ndi chakuti wolemba ntchito anayamba kusunga mbali yake ya pangano. Dale Lewis mwiniwake anafika poona kuti kumanga anthu anjala sikutha, ndipo mu 2003 anayambitsa COMACO, imene imagula mpunga, mtedza ndi uchi kwa alimi, kuphunzitsa alenje ntchito zina, ndi kulandira mfuti ndi mawaya amene eni ake apereka okha. Mpunga wa ku Chama ndi umodzi mwa katundu wake wodziwika, ndipo ku Chifunda kunamangidwa msasa wa alendo wa anthu a m'deralo pafupi ndi mtsinje. Mlenje aliyense wosiya waya chifukwa mpunga wake uli ndi msika ndi mbale mmodzi amene msikauti sadzakakamizika kumumanga.

Lamulo la 2015 linathetsa ZAWA, ntchito n'kubwerera m'manja mwa dipatimenti ya boma kuyambira 2016, ndipo boma la Chama nalo linayendayenda, kupita ku chigawo cha Muchinga mu 2011 n'kubwerera Kum'mawa mu 2021. Maina a maofesi asintha kangapo kuchokera nthawi ya Nyamaluma, koma msikauti wa m'mudzi akadali wantchito wa CRB, ndipo CRB ikadali kudikira gawo lake la ndalama za laisensi kuchokera ku Lusaka. Ine ndikuona kuti kukonza kwake sikufuna nzeru zachilendo. Gawo la dera lizilowa molunjika ku akaunti ya CRB pa nthawi imene mlendo walipira, osayamba lazungulira ku likulu. M'zaka za usaki wabwino muzisungidwa thumba lokwanira malipiro a chaka chimene alendo sadzabwera. Wovulala pa ulonda ndi banja la wophedwa azilandira chipepeso chofanana ndi cha wapolisi wa nyama amene anali naye m'gulu limodzi. Ndipo boma likafuna kuimitsa usaki pa zifukwa zake, lizinena tsiku lomwelo amene adzalipire masikauti a ku Chifunda, Chikwa ndi madera ena onse mpaka usakiwo utatsegulidwanso.